ZIMBABWE: Ophunzira akamaphunzitsana okha pa yunivesite, mwana wa pa famu amapindula bwanji?

BANKET, Zimbabwe – Kuchokera ku Banket kukafika ku Chinhoyi ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 25 pa msewu waukulu wochokera ku Harare kupita ku Chirundu. Pa kombi ulendowu sukwana ola limodzi. Kumathero kwake kuli Chinhoyi University of Technology, sukulu ya ukachenjede imene idakhazikitsidwa m'chaka cha 2001, ndipo kwa mnyamata kapena mtsikana amene adakulira m'komboni ya pa famu m'dera lino, kupeza malo pa sukulu yotere ndi chipambano cha banja lonse.

Koma kupeza malo ndi vuto loyamba chabe. Lachiwiri limadza m'chaka choyamba, pamene wophunzira adzipeza ali m'chipinda chodzaza anthu, mphunzitsi akulemba masamu pa bolodi mwaliwiro, ndipo palibe amene amafunsa ngati onse amva. Mayunivesite ambiri pa dziko lapansi amayesa kuchepetsa vutoli pokhazikitsa magulu amene ophunzira amathandizana okha, motsogozedwa ndi mnzawo amene adakhoza kale phunzirolo. Njirayi ndi yotsika mtengo, choncho akuluakulu a sukulu amaikonda. Chofunika kufunsa n'chakuti kodi imafikira amene akuifunitsitsa, kapena imangolimbitsa amene ali olimba kale.

Ophunzira ake ndani?

Banket ili m'boma la Zvimba, m'chigawo cha Mashonaland West, makilomita pafupifupi 95 kuchokera ku Harare. Ndi dera la fodya, chimanga ndi tirigu, ndipo nkhokwe zazitali za bungwe la Grain Marketing Board zimaonekera munthu akadali patali. Kwa zaka zambiri ntchito ya m'mafamu ano inkagwiridwa ndi anthu ochokera ku Nyasaland, Northern Rhodesia ndi Mozambique. Ena adabwera wapansi, ena pa malole a Ulere, ena kudzera ku bungwe lolemba antchito limene ku Malawi linkadziwika ndi dzina loti Mthandizi. Ambiri sadabwerere kwawo, adasanduka matchona. Zidzukulu zawo zimalankhula Chichewa pakhomo ndi Chishona pa msika, ndipo gule wamkulu akuvinidwabe m'makomboni.

Maphunziro a ana a m'mafamu sadakhalepo ofanana ndi a m'tauni. Sukulu zambiri zinkamangidwa ndi mwini famu, zina sizidalembetsedwe ku boma, ndipo za sekondale zidali zochepa komanso zotalikirana. Pamene boma lidayamba kulanda ndi kugawa mafamu mwachangu m'chaka cha 2000, ambiri mwa antchito oposa 300,000 a m'mafamu akuluakulu adataya ntchito, ena adataya ndi pokhala pomwe. Lamulo la unzika limene lidasinthidwa m'chaka cha 2001 lidasiya anthu ambiri obadwira m'Zimbabwe momwemo akuwerengedwa ngati alendo, ndipo ana opanda chikalata cha kubadwa ankavutika kulembetsa mayeso a boma. Malamulo oyendetsera dziko a m'chaka cha 2013 adakonza zina mwa izi: gawo 43 lidapereka unzika kwa obadwira m'dzikomo amene kholo lawo lidachokera ku dziko la m'bungwe la SADC, ndipo Chichewa chidaikidwa pa mndandanda wa zinenero 16 zovomerezeka ndi boma.

Mbiri imeneyi ikusonyeza chinthu chimodzi chimene oyendetsa magulu othandizana ayenera kuchimvetsa asanayambe. Mwana amene wadutsa zonsezi, n'kufika Fomu 6, n'kukhoza mayeso a A Level a bungwe la ZIMSEC, si wofooka m'mutu. Chimene chimamusowa ndi zinthu zimene ana a aphunzitsi ndi a anamwino amazimva pakhomo osadziwa kuti akuphunzira: momwe munthu amalembera manotsi mphunzitsi akulankhula, momwe amagawira buku la masamba 600 pa masabata a semesita, komanso kuti kugogoda pa ofesi ya mphunzitsi si mwano.

Kumene njirayi idachokera

Kuphunzitsana kwa ophunzira si chinthu chatsopano. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700, Andrew Bell ku Madras ndi Joseph Lancaster ku London ankagwiritsa ntchito ana okulirapo kuti aziphunzitsa ang'onoang'ono, ndipo mawu akuti monitala adafika m'sukulu za mishoni kudzera m'mwambo umenewu. Koma monitala ankangobwereza zimene mphunzitsi wanena. Zimene zikuchitika m'mayunivesite lero zidachokera kwina.

M'chaka cha 1973, Deanna Martin wa ku University of Missouri-Kansas City ku America adayambitsa njira yotchedwa Supplemental Instruction, mwachidule SI, pofuna kuchepetsa chiwerengero cha ophunzira osiya sukulu za udokotala, za mano ndi za mankhwala. Nzeru yake yaikulu idali yotembenuza funso. M'malo mofunsa kuti "ophunzira ofooka ndi ati?", iye adafunsa kuti "maphunziro ovuta ndi ati?" Phunziro limene ophunzira 30 kapena kuposerapo mwa 100 aliwonse amalephera, kukhoza movutikira kapena kulisiya panjira ndilo linkapatsidwa gulu, ndipo khomo linkatsegulidwa kwa aliyense wa m'kalasimo, wanzeru ndi wovutika yemwe. Unduna wa zamaphunziro ku America udavomereza njirayi ngati yachitsanzo m'chaka cha 1981. Idafika ku University of Port Elizabeth, imene tsopano ndi Nelson Mandela University, m'chaka cha 1993, nthawi imene mayunivesite a ku South Africa ankayamba kulandira ophunzira akuda ambiri ochokera m'sukulu zimene tsankho lidazisiya m'mbuyo. Ku Britain ndi ku Australia imadziwika kwambiri ndi dzina loti PASS.

Pali nkhani ina imene ikukhudza kwambiri ana a ku Banket. Pakati pa zaka za m'ma 1970, Uri Treisman wa ku University of California, Berkeley adafuna kudziwa chifukwa chimene ophunzira akuda ankalepherera masamu a m'chaka choyamba pamene anzawo a mtundu wa Chitchaina ankakhoza. Adatsatira ophunzira 20 a gulu lililonse kwa miyezi ingapo. Adapeza kuti akudawo sadali aulesi ndipo ambiri adachita bwino ku sekondale, koma ankawerenga payekhapayekha. Achitchaina akatha kuwerenga paokha ankakumana madzulo, kufananitsa mayankho ndi kutsutsana. Wowerenga yekha akakakamira pa funso sadziwa ngati vuto ndi mutu wake kapena funsolo ndi lovuta kwa onse, ndipo amatha maola akubwereza cholakwa chomwecho. Treisman adakhazikitsa magulu a masamu ndipo adawalengeza ngati a ophunzira ofuna kupambana kwambiri, osati a otsalira.

Mwana wa pa famu amafanana ndi ophunzira amenewa. Adafika pomwe ali chifukwa chodzipatula: anzake akupita ku bawo kapena kukasankha fodya, iye adali yekha ndi koloboyi. Khalidwe limene lidamupulumutsa ku sekondale ndi lomwelo limene lingamugwetse pa yunivesite.

Ntchito ya wotsogolera

Pomasulira dzina la wophunzira wotsogolera gulu, mawu oyamba kubwera m'mutu ndi akuti mthandizi. M'makomboni a ku Mashonaland mawuwa ali ndi mbiri yake, ndipo agogo ambiri sangawamve osakumbuka malole ndi mapepala a kontirakiti. Akuti kapitawo ndiye oipirapo, chifukwa kapitawo amagawa ntchito ndi kukanena kwa bwana. Tingomutcha wotsogolera, ngakhale kuti mbali yaikulu ya ntchito yake ndi kudziletsa kuti asatsogole.

Malinga ndi dongosolo la SI, wotsogolera ndi wophunzira amene adakhoza bwino phunzirolo chaka chapita. Amalowanso m'kalasi pamodzi ndi atsopano kuti amve zimene mphunzitsi wa chaka chino akunena, kenako amakumana ndi gulu lake kawiri kapena katatu pa sabata, pafupifupi ola limodzi nthawi iliyonse. Saphunzitsa mutu watsopano, sachonga ntchito, ndipo sadziwa za mayeso kuposa anzake. Wina akafunsa funso, iye amalibwezera ku gulu: manotsi anu akuti chiyani, ndani angayambe mzere woyamba pa bolodi, tonse tikugwirizana nazo? Kenako amakhala chete.

Kukhala chete kumeneku ndiko kovuta. Mary Budd Rowe, katswiri wa maphunziro a sayansi ku America, adapeza m'zaka za m'ma 1970 kuti aphunzitsi ambiri amadikira pafupifupi sekondi imodzi yokha akafunsa funso, ndipo kuti akadikira masekondi atatu kapena kuposerapo mayankho amatalika, ndiponso amene amakhala duu amayamba kulankhula. Wotsogolera wosaphunzitsidwa sapirira bata lotere. Amaona nkhope zikuyang'ana pansi, amamva chisoni, n'kutenga choko. Pakatha masabata atatu gululo lasanduka kalasi ina, yophunzitsidwa ndi munthu wodziwa zochepa kuposa mphunzitsi weniweni, ndipo ophunzira akukoperanso mwakachetechete. Apa ndi pamene magulu ambiri amafera, ngakhale anthu akubwerabe ndipo kaundula akudzaza.

N'chifukwa chake dongosololi limafuna kuti pakhale wogwira ntchito wa pa yunivesite amene amaphunzitsa otsogolera semesita isanayambe, amalowa m'magulu nthawi ndi nthawi kukaonerera, ndipo amakambirana ndi wotsogolera pambuyo pake. Njirayi ndi yotsika mtengo, koma si yaulere. Sukulu imene yasankha ophunzira anzeru n'kuwauza kuti "kathandizeni anzanu", popanda wowayang'anira, yangopatsa dzina latsopano zokambirana za pansi pa mtengo zimene ophunzira amachita kale okha mayeso akayandikira.

Kafukufuku akuti chiyani?

Malipoti a mayunivesite pafupifupi onse amasonyeza kuti opita ku magulu amakhoza bwino kuposa osapita. M'chaka cha 2014, Phillip Dawson ndi anzake adaunika kafukufuku 29 wofalitsidwa pakati pa 2001 ndi 2010, ndipo adapeza kuti zotsatira zikugwirizana ndi zimene oyambitsa njirayi amanena: malikisi okwererapo, olephera ochepa, osiya sukulu ochepa. Koma adachenjezanso za kufooka kwa kafukufuku wambiri. Popeza kupita ku gulu n'kosakakamiza, amene amapita kawirikawiri ndi akhama kale, ndipo akadakhoza ngakhale gulu likadapanda kukhalapo.

Ofufuza atatu, Alfredo Paloyo, Sally Rogan ndi Peter Siminski, adayesa kuthana ndi vutoli ku University of Wollongong ku Australia. Adasankha ophunzira ena mwamaere n'kuwalonjeza mwayi wa mphoto ngati apita ku magulu. Opita adachulukadi, koma zotsatira zimene adafalitsa m'chaka cha 2016 zidasonyeza kuti kukwera kwa malikisi kudali kochepa, kosatheka kukusiyanitsa ndi mwayi wamba.

Izi sizikutanthauza kuti njirayi ndi yachabe. Malikisi a phunziro limodzi si phindu lokhalo. Kupeza anzako asanu amene adzakufunafuna ukajomba n'kofunikanso kwa munthu amene sadziwa aliyense m'tauni. Koma woyang'anira amene akunyadira kuti opita ku magulu ake akhoza ndi malikisi apamwamba ayenera kuyamba wafananitsa anthu amene adalowa ndi mapointi ofanana a A Level. Ayeneranso kutembenuza kaundula wake n'kuwerenga amene mulibemo: ogona kunja kwa sukulu, atsikana, ochokera ku sukulu za m'mafamu, olembetsa mochedwa. Malipoti ambiri amawerenga obwera okha.

Zimene zimatseka khomo

Kwa wophunzira wochokera ku Banket, chotchinga choyamba ndi nthawi. Oyang'anira amakonda kuika magulu madzulo, chifukwa ndi pamene zipinda zimakhala zopanda anthu. Izi zimakomera ogona m'mahositelo. Amene alibe ndalama ya lendi ku Chinhoyi, ndipo amayenda tsiku lililonse kuchokera kwa achibale, amayenera kukwera kombi kusanade, makamaka ngati atatsika pa msewu wa tala ali ndi mtunda wina woyenda wapansi kulowa m'famu. Kwa mtsikana nkhaniyi ndi ya chitetezo, osati ya mayendedwe okha. Gulu la 6 koloko madzulo ndi lotsegukira aliyense pa pepala pokha. Ola limodzi lopatulidwa masana pa ndondomeko ya makalasi, lokhala ndi chipinda chake, limachita zambiri kuposa zikwangwani zolengeza.

Kalendala ya ulimi nayonso imalowerera. Kuthyola ndi kuwotcha fodya m'mabani kumafuna manja ambiri m'miyezi yoyambirira ya chaka, ndipo misika ya fodya imatsegulidwa cha mu Malichi. Wophunzira amene fizi yake imadikira kuti mabelo agulitsidwe amafika masabata atapita. Dongosolo la SI limanenetsa kuti magulu ayambe sabata yoyamba, ndipo n'zoona, koma gulu limene pofika sabata yachinayi lagwirana kale ngati banja limakhala lovuta kulowamo. Wotsogolera wabwino amapatsa wobwera mochedwa mnzake mmodzi woti adutse naye manotsi a m'mbuyo, ndipo wofotokozayo amapindula mofanana ndi womvetsera.

Ndiye pali chinenero. Maphunziro ndi mayeso zili m'Chingerezi, ndipo mwana wa m'komboni Chingerezi ndi chinenero chake chachitatu. Ubwino waukulu wa gulu la ophunzira okhaokha ndi woti munthu akhoza kufunsa m'chinenero chimene amaganiziramo. Ku Chinhoyi chinenero chimenecho kwa ambiri ndi Chishona, ndipo ana a matchona amachilankhula bwino lomwe. Ena adaphunzira kubisa Chichewa chawo kuyambira ku pulayimale chifukwa cha mayina onyoza amene anthu a m'mafamu ankaitanidwa nawo. Wochokera ku Matabeleland kapena ku Binga akhoza kutsalira ngati zokambirana zonse zili m'Chishona. Kuletsa zinenero za makolo kungakhale kutaya chida chabwino, koma kuzisiya popanda lamulo kumasiya ena kunja. Njira yapakati ndi yoti anthu awiriawiri kapena atatuatatu afotokozerane m'chinenero chilichonse chimene onse akumva, koma yankho lopita pa bolodi lilembedwe ndi kunenedwa m'Chingerezi, popeza ndi mmene lidzafunikire tsiku la mayeso. Wophunzira amene watha kunena tanthauzo la mfundo ya masamu m'Chichewa, n'kuibwezera m'Chingerezi, waimvetsa kawiri.

Mafoni athetsa mbali ina ya vuto la mtunda. Pamene sukulu zidatsekedwa mu Malichi 2020 chifukwa cha Covid-19, magulu a pa WhatsApp ndiwo adagwira ophunzira ambiri, popeza mabando ake ndi otsikirapo mtengo kuposa intaneti yonse. Koma foni imafuna magetsi, ndipo m'chaka cha 2019 madera ambiri a Zimbabwe ankakhala mu mdima mpaka maola 18 pa tsiku madzi atachepa ku Kariba. Komanso gulu la pa foni limasanduka msanga malo otumizirana mayankho. Masiku ano, pamene mapulogalamu ngati ChatGPT amapereka yankho m'kamphindi, yankho lenilenilo latsika mtengo. Chimene gulu lingapereke, chimene foni siingathe, ndi kukakamiza munthu kufotokoza ndi pakamwa pake anzake akumufunsa kuti "chifukwa chiyani?" Kwa ophunzira a Zimbabwe Open University, imene idakhazikitsidwa m'chaka cha 1999 ndipo ili ndi nthambi ku Chinhoyi, kukumana maso ndi maso kotereku n'kofunika koposa, pakuti ambiri ndi anthu apantchito amene amawerenga okha sabata yonse.

Kusankha ndi kusunga otsogolera

Sukulu zambiri zimangotenga amene adapeza malikisi apamwamba. Koma amene phunziro silidamuvutepo nthawi zina sadziwa pomwe ena amapunthwira. Amene adayamba movutikira n'kumaliza bwino amakumbukira malo oterera. Ndipo ngati pakati pa otsogolera pali mmodzi amene sachita manyazi kunena kuti kwawo ndi pa famu ina ya ku Banket, Trelawney kapena Raffingora, ana ena a m'makomboni amalowa m'chipindamo ndi mtima wina.

Nkhani ya malipiro imagawa mayunivesite. Ku America otsogolera amalipidwa. Ku University of Manchester, kumene PASS idayamba m'zaka za m'ma 1990, amagwira modzipereka, awiriawiri pa gulu lililonse. Kukhala awiri n'kothandiza: wina akadwala gulu silifa, ndipo mpata woti wotsogolera agwiritse ntchito udindo wake pofuna ndalama kapena chibwenzi umachepa. Koma kudzipereka kwaulere kumasankha anthu mwakachetechete. Wophunzira amene Loweruka amagulitsa tomato m'mbali mwa msewu kuti apeze ya kombi sangapereke maola asanu pa sabata kwaulere, choncho utsogoleri, pamodzi ndi chikalata chaumboni chimene chimathandiza pofunsira ntchito, umapita kwa ana a opeza bwino. M'dziko limene ndalama yasintha kangapo, kuyambira kugwa kwa dola ya Zimbabwe m'chaka cha 2008 mpaka kubwera kwa ZiG mu Epulo 2024, kuchotsera wotsogolera gawo la fizi kapena kumupatsa malo mu hositelo kuli ndi phindu lodalirika kuposa kandalama kolandira kumapeto kwa semesita.

Wotsogolera amamvanso zimene mphunzitsi sangamve. Ngati gulu lonse lasokonezeka pa mutu umodzi, uthengawo uyenera kufika kwa mphunzitsi sabata yomweyo, koma popanda mayina. Ophunzira akangoganiza kuti wotsogolera ndi kazitape, amasiya kuonetsa umbuli wawo, ndipo gululo lilibenso ntchito. Mphunzitsi nayenso asatenge magulu ngati chifukwa chosiyira kukonza kaphunzitsidwe kake. Phunziro limene theka la kalasi limalephera chaka ndi chaka lili ndi vuto limene ophunzira a chaka chachiwiri sangalithetse.

Pali vuto linanso limene mabuku olembedwa ku Kansas City sadaliganizire. M'madigiri ambiri a zaka zinayi ku Zimbabwe, chaka chachitatu ophunzira amachoka pa sukulu kukaphunzira ntchito m'makampani, m'mafamu ndi m'maofesi a boma. Wotsogolera amene waphunzitsidwa m'chaka chachiwiri, n'kuyamba kuidziwa ntchito, amachoka nthawi yomwe wayamba kupsa. Akabwerera m'chaka chachinayi amakhala wotanganidwa ndi kafukufuku wake womalizira, ndipo masamu a chaka choyamba adayamba kuzilala m'mutu. Choncho sukulu imayenera kuphunzitsa otsogolera atsopano chaka chilichonse. Owalowa m'malo ayenera kusankhidwa semesita isanathe, akhale nawo m'magulu kangapo akale asanachoke, ndipo alandire kope lolembedwamo mitu imene idavuta, mafunso amene adautsa mtsutso wabwino, ndi maola amene oyenda pa kombi adatha kufika.